Chifukwa chake ndikuidikira tochi yokhota mutu

Anthu okonda matochi ali pa mkangano waukulu masiku ano pa za tochi yatsopano ya LED (timababu tamakono tosadya magetsi ambiri), yokhota mutu, imene ikuyembekezeka kufika pamsika, ndipo ine ndili m'gulu la amene akuidikira ndi mtima wonse. Ambiri mwa anzanga akungofunsa funso limodzi, loti iwala motani. Maganizo anga ndi akuti funso limeneli ndi laling'ono. Chimene chimapatsa tochi yotere ulemu ndi kapangidwe kake, ndipo kwa ife okhala kuno ku Mzuzu kapangidweko kali ndi phindu loposa kuwala kothobwa m'maso.

Tochi wamba imaunika kumene dzanja laloza, kutanthauza kuti dzanja limodzi limakhala litagwidwa kale ntchito isanayambe. Yokhota mutu ili ngati chilembo cha L: galasi lake limayang'ana chammbali, pa madigiri 90. Mukaiimika patebulo imaunika kutsogolo, mukaikoleka pathumba la malaya imaunika njira, mukailowetsa pa lamba wa kumutu imatsata kumene maso apita, ndipo zambiri zimakhala ndi maginito kumunsi kuti zimatirire pachitsulo. Amene anaonapo mnyamata wa kabaza akubwezeretsa tcheni cha njinga yamoto m'mbali mwa msewu ku Chibavi kunja kutada, foni ataluma ndi mano, manja ali girisi yekhayekha, kuwala kukuthawa nthawi iliyonse akatembenuza khosi, akudziwa vuto limene tochi imeneyi inabwera kudzathetsa. Akanangoimata pafelemu, manja onse awiri akanakhala pa ntchito.

Luso limeneli si ladzana. Asilikali a dziko la America ankanyamula tochi yokhota mutu yotchedwa TL-122 pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo pa nkhondo ya ku Vietnam inatchuka ina yotchedwa MX-991/U, imene inkadya mabatire awiri akuluakulu n'kumapereka kuwala kofooka kwa babu. Chimene chinasintha zonse ndi LED yobiriwira ngati thambo, imene inatsegula njira ya LED yoyera, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira nayo mphoto ya Nobel m'chaka cha 2014. Lero makampani monga Zebralight, Armytek, Skilhunt ndi Sofirn amapanga matochi okhota mutu okwana m'chikhatho, amene amawala kuposa ya asilikali ija kutalitali.

Pa nkhani ya manambala ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga. Chiwerengero chachikulu cha ma lumen (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) chimene chimalembedwa pabokosi kawirikawiri chimakhala cha kuwala kwapamwamba kwambiri, kumene tochi yaing'ono siingakusunge nthawi yaitali, chifukwa LED imatentha ndipo tochiyo imadzichepetsera yokha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Munthu amene akuphika, amene akuyang'ana mwana wodwala pakati pa usiku, kapena wophunzira amene akuwerenga magetsi atazima, safuna kuwala kofika kutsidya la dambo. Amafuna kuwala kofatsa, kofalikira bwino, kosasinthasintha mpaka m'bandakucha. Choncho tochi yatsopanoyi ndidzaiyeza ndi kuwala kwake kwapakati ndi kwapansi, komanso ndi maola amene imatha kukhala pamenepo.

Nyengo yathu nayonso ili ndi mawu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimakuta mzinda uno m'mamawa, ndipo amene amayenda msewu wa M1 kudutsa ku Chikangawa amadziwa mmene chimatsekera maso. M'chifunga, tochi yovala pamphumi imakubwezerani kuwala kwake komwe m'maso, chifukwa timadontho ta madzi timene tili pafupi ndi nkhope timanyezimira. Yokhota mutu mumangoichotsa pa lamba n'kuikoleka pachifuwa kapena m'chiuno, kuwala kumachokera m'munsi, ndipo maenje ndi miyala zimaonekera bwino ndi zithunzithunzi zake. Tochi yopangidwira kumutu kokha siingachite zimenezi. Mvula ya kuno nayo siifunsa, ndiye chizindikiro cha IP68 kapena IPX8, chosonyeza kuti madzi salowa, sindingachinyalanyaze.

Palinso mtundu wa kuwala, nkhani imene ogulitsa ambiri saitchula. Matochi otsika mtengo amapereka kuwala kozizira kwa pafupifupi 6500K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kumene kumaoneka kwamphamvu koma kumafwifwitsa mitundu ya zinthu. Ine ndimakonda kwapakati pa 4000K ndi 5000K, kokhala ndi CRI (muyeso wa mmene kuwala kumaonetsera mitundu yeniyeni ya zinthu) yopitirira 90. Wokonza magetsi amene wakwera kudenga la nyumba yakale, kumene mawaya ofiira ndi akuda akale akumana ndi abulauni ndi abuluu atsopano, onse atadetsedwa ndi fumbi, amafunika kuona mtundu weniweni wa waya asanaukhudze. Apa kuwala kwabwino ndi nkhani ya moyo.

Batire ndiye mtima wa nkhani yonse. Ndikufuna tochi yolandira batire wamba wa 18650, amene dzina lake limachokera pa kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, ndipo ikhale yotchajira pa USB-C kuti sola yaing'ono kapena power bank zigwire ntchito. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. Nthawi ngati imeneyo, batire wachiwiri wodzaza m'thumba ndi wamtengo wapatali. Tochi ya batire womatiriridwa mkati, kapena yofuna batire wa kampani imodzi yokha, imafa tsiku limene batireyo wafa, ndipo kuno kulibe kothamangira. Chenjeraninso ndi mabatire olembedwa 9900mAh (mAh ndi muyeso wa mphamvu imene batire amasunga), chifukwa 18650 weniweni amathera cha m'ma 3500mAh. Wong'ambika chikutiro musamugwiritse ntchito, ndipo poika tochi m'chikwama masulani pang'ono chotsekera cha kumunsi kuti isayake yokha n'kuwotcha nsalu.

Ena anena kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama, popeza pa msika wa Taifa munthu amapeza tochi yotsika mtengo tsiku lomwelo, pamene iyi imafuna ndalama zakunja, zotumizira ndi msonkho. Mawu amenewa ndimawalemekeza, ndipo banja limene likusaka ya ufa sindingaliuze kuti liyambe ndi tochi. Koma kwa makaniko, mlonda, wokonza mapaipi ndi namwino wa usiku, chimenechi ndi chida cha ntchito, ndipo chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi sipanala ndi pulayazi.

Ikatuluka sindidzathamangira kuitanitsa sabata yoyamba. Ndidzadikira amene amayeza matochi ndi zipangizo asonyeze maola enieni a kuwala kwapakati, mphamvu ya maginito ake, ndiponso ngati batire amachotseka. Zitatuzi zikakhala bwino, ndikufuna tigwirizane anthu angapo a kuno ku Mzuzu tiitanitse pamodzi kuti ndalama yotumizira tigawane.