Lamulo limodzi, zokolola zosiyana: nyimbo za ku Zambia, Zimbabwe ndi kuno kwathu ku Malawi

Mkangano wakuti nyimbo za masiku ano n'zopepera poyerekeza ndi zakale sukutha, ndipo munthu aliyense amaugamula mokomera zaka zimene iye ankavina. Ine ndimaona kuti nkhaniyi imamveka bwino tikasuzumira kwa anansi athu a ku Zambia ndi Zimbabwe, amene tinali nawo m'chitaganya chimodzi kuyambira 1953 mpaka 1963, chifukwa maiko awiriwa anayesa njira yofanana yotukulira oimba awo koma anakolola zosiyana.

M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za a Zambia eni ake. Lamulolo linapeza anyamata atazolowera kale magitala ndi ng'oma, pakuti m'matauni a ku migodi ya kopa monga Kitwe ndi Ndola munali makalabu ndi mahotela amene ankafuna magulu oimba sabata iliyonse, ndipo ku Ndola komweko kampani ya Teal inali ndi fakitale yodinda zimbale. M'menemo ndimo munakulira chamba cha Zamrock cha magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, kenaka kalindula wa PK Chishala ndi Amayenge. Mtengo wa kopa utagwa, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale, makalabu anazirala, ndipo mliri wa Edzi unatenga akatswiri ambiri asanasiyire luso lawo achinyamata. N'zomvetsa chisoni kuti amene anafukula chumachi patapita zaka zambiri anali akunja, makamaka kampani ya ku America ya Now-Again imene inadindanso zimbale zakalezo, mpaka gulu la WITCH linadzukanso n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023.

Ku Zimbabwe lamulo lotere linabwera mu 2001, pamene Jonathan Moyo anali nduna yofalitsa nkhani, ndipo linafuna kuti 75 peresenti ya zoulutsidwa zikhale za m'dzikomo. Koma nthawi inali itasintha. Mawayilesi ankafuna nyimbo zochuluka mwamsanga, ndipo amene anakwanitsa kuzipereka anali achinyamata ojambulira pa kompyuta m'tizipinda, amene anayambitsa urban grooves, kenaka Zimdancehall wa ku Mbare. Akuluakulu anadandaula monga momwe timadandaulira ife. Chimene ndimasirira kwa anzathuwa n'chakuti gulu loimba ndi zipangizo silinafe. Alick Macheso anaphunzira ntchito mu Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria (onse awiriwa makolo awo anachokera kuno), kenaka anakhazikitsa Orchestra Mberikwazvo, imene nayonso yasula oimba ena a sungura, chamba chovinira cha magitala chotchuka ku Zimbabwe. Oliver Mtukudzi, amene anamwalira mu 2019, anasiya malo ophunzitsirapo achinyamata a Pakare Paye ku Norton. Motero ngakhale woimba wamakono ngati Jah Prayzah amakwera pa nsanja ndi gulu lathunthu, mbira ili m'manja, chifukwa omvera a kumeneko sanasiye kuyembekezera zimenezo.

Kuno kwathu mbiri yake ndi ina. Kwa zaka pafupifupi 30 chilandirireni ufulu, wayilesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo oimba ambiri ankajambulira m'situdiyo yake. Woimba ankayenera kukhutiritsa ojambula ndi owunika nyimbo asanamveke m'dziko, choncho zimene timakumbukira za Allan Namoko, Robert Fumulani kapena Daniel ndi Donald Kachamba ndi mpunga wopetapeta, pamene za lero timazimva ndi mankhusu omwe, popeza aliyense wokhala ndi foni ndi intaneti angathe kutulutsa nyimbo usiku umodzi. Kuyerekeza ziwirizi osakumbukira lichero limeneli n'kuwalakwira ana athu. Tisaiwalenso kuti lichero lomwelo linkatsekereza aliyense woimba zodzudzula boma, ndipo mawu olimba mtima ngati a Lucius Banda ndi Evison Matafale anamveka poyera ulamuliro wa chipani chimodzi utagwedezeka.

Komabe sindingavomere kuti palibe chimene chatayika. Alleluya Band, imene inayamba ku Balaka mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, inali sukulu yeniyeni, pakuti m'menemo munadutsa Paul Banda, mng'ono wake Lucius, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo, ndipo Lucius naye kudzera mu Zembani Band anakweza Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro. Mnyamata ankakhala zaka akunyamula zoimbira, kuchuna magitala ndi kuvomereza nyimbo za ena asanapatsidwe mpata wotsogolera, ndipo kudikirako n'kumene kunkakhwimitsa khutu ndi mawu. Lero njira imeneyo yachepa, ngati mmene inachepera ku Zambia, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zambiri za ku Lilongwe ndi ku Lusaka zimamveka ngati zaphikidwa mumphika umodzi ndi za ku Lagos kapena Johannesburg. Luso lilipo, ndipo omvera achinyamata sadana ndi zakale. Patience Namadingo atakhala pansi ndi Giddes Chalamanda mu 2020 n'kuimba naye nyimbo zake zakale, anali achinyamata omwewo amene anazifalitsa pa TikTok mpaka kunja kwa Africa.

Mwa njira zitatuzi, ya ku Zimbabwe ndi imene ndikuiona kuti yasunga zambiri. Mwana wa ku Chitungwiza wofuna kuphunzira gitala ya besi ali ndi magulu angapo a sungura oti akagogodeko. Mnzake wa kuno, kupatula magulu owerengeka monga Black Missionaries ya ku Chileka ndi Alleluya yomweyo, kawirikawiri amadalira gulu la matamando la ku tchalitchi kwawo, kumene zoimbira amazigwira pokonzekera mapemphero a Lamulungu basi.