Njinga yamoto ya maonekedwe akale: tsidya lino la Rhine ndi tsidya lija

Mnzanga wina wa kuntchito watha miyezi itatu mtima uli pa njinga yamoto ya Royal Enfield Classic 350. Akaiona itaimikidwa pambali pa msewu amaima, n'kuwerama kuyang'ana masipoko, nyale yozungulira ija ndi thanki yonyezimira. Amakhala ku Strasbourg koma ntchito ili ku Kehl, ndiye m'mawa uliwonse amawoloka mtsinje wa Rhine kuchoka ku France kulowa mu Germany, madzulo n'kubwerera. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi achimwene, ndigule?" Ndinamuuza kuti tikhale kaye pansi, chifukwa njinga yomweyo imagwira ntchito mosiyana tsidya lino ndi tsidya lija, ndipo iye amayenda mbali zonse ziwiri.

Tinayamba ndi laisensi, pakuti iye ali ndi ya galimoto yokha. Mayiko onse awiriwa amalola woyendetsa galimoto kukwera njinga yaing'ono ya 125cc, yosapitirira makilowati 11, popanda kulembanso mayeso. Ku France amafuna kuti ukhale ndi laisensi kwa zaka ziwiri, kenako uphunzire maola 7 basi. Ku Germany anatsegula khomo limeneli mochedwa, kumapeto kwa 2019, ndipo analitsegula pang'ono: ukhale ndi zaka 25, laisensi yako ikhale itakwanitsa zaka zisanu, uchite maphunziro 9 a mphindi 90 aliwonse, ndiye amakulembera nambala ya B196. Ine ndimaona kuti Ajeremani anaganiza bwino pamenepa. Maola 7 ndi ochepa kwa munthu amene dzanja lake silinaphunzire kugwira buleki ya kutsogolo mofatsa pamsewu wonyowa.

Koma chimene chinamudzidzimutsa mnzangayo ndi ichi: chilolezo chimenechi sichiwoloka mlatho. Cha ku France chimagwira mu France mokha, B196 imagwira mu Germany mokha. Munthu wowoloka malire tsiku ndi tsiku akufunika laisensi yeniyeni ya njinga yamoto, yomwe mayiko onse a European Union amaizindikira. Komanso Classic 350 si ya 125cc. Injini yake ndi ya 349cc, choncho ikufuna laisensi ya A2, imene imafika pa makilowati 35. Ubwino wake ndi wakuti njinga zambiri za maonekedwe akale zimakwana mu A2, kuphatikizapo Interceptor 650. Ku France, chiyambire 2016, aliyense amayamba ndi A2 ngakhale akhale ndi imvi, n'kudikira zaka ziwiri kuti akwere pa A, laisensi ya njinga za mphamvu iliyonse. Ku Germany wa zaka 24 akhoza kupita pa A molunjika. Kwa wofuna njinga yopitira kuntchito kusiyana kumeneku sikum'khudza kwenikweni.

Pamene mayiko awiriwa amasiyana kotheratu ndi pamdipiti wa magalimoto, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lonse la njinga yopitira kuntchito. Ku France okwera njinga akhala akudutsa pakati pa mizere ya magalimoto kwa zaka zambiri. Boma linayamba kuyesa dongosololi m'zigawo zina mu 2016, ndipo mu January 2025 linalilowetsa m'malamulo a dziko lonse. Limagwira pamisewu ikuluikulu yogawidwa pakati, yokhala ndi mizere iwiri kapena kuposerapo mbali iliyonse, ndipo wanjinga amadutsa pakati pa mizere iwiri ya kumanzere osapitirira makilomita 50 pa ola. Ndimakonda kuona mmene zimachitikira m'mawa. Woyendetsa galimoto akaona nyale yako m'galasi amakankhira galimoto yake pambali pang'ono, iwe ukadutsa umatambasula mwendo wa kumanja kunena kuti zikomo, chifukwa dzanja lili pa moto ndi buleki. Palibe amene amaliza hutala, palibe amene amakwiya.

Ukangowoloka mtsinje zonsezo uzisiye pamlatho. Ku Germany kudutsa pakati pa mizere sikuloledwa. Chinanso, magalimoto akaima pa Autobahn, misewu ikuluikulu ya liwiro ya kumeneko, amasiya mpata pakati, ndipo mlendo akhoza kuganiza kuti akumupatsa njira. Mpata umenewo ndi wa ambulansi, ozimitsa moto ndi apolisi. Wanjinga akalowamo amalipira chindapusa chachikulu, n'kuletsedwa kuyendetsa kwa mwezi wathunthu. Ndiye umaima pamzere ngati wina aliyense. Ndinaimapo choncho tsiku lina la mu July, pa njinga ya injini yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo kutentha kwa injini kunkakwera m'miyendo pamene dzanja lamanzere linali litatopa ndi kufinya kilatchi. Njinga zambiri za mtundu umenewu zimadalira mphepo ya paulendo kuti zizizire, ndipo kuima nthawi yaitali sizikukonda. Pamenepa ndili kumbali ya France ndi mtima wonse. Njinga ikatuluka pamzere, mzerewo umafupika kwa onse, ndipo wokwerayo sakhala pakati pa magalimoto awiri kudikira amene wachedwa kugwira buleki.

Liwiro nalo limakondera France. Kuyambira pa 1 July 2018 misewu yambiri ya kunja kwa matauni kumeneko ili pa makilomita 80 pa ola, ngakhale zigawo zina zinabwezera 90 pamisewu ina. Liwiro la 80 ndi la njinga yotereyi ndithu. Ukhala mowongoka, injini ikugunda modekha, mphepo sikukuvutitsa. Ku Germany misewu yofanana nayo ili pa 100, ndipo pa Autobahn pali malo opanda malire a liwiro, 130 ili ngati malangizo chabe. Njinga yopanda galasi lotchinga mphepo, yolemera makilogalamu pafupifupi 195 koma ya mphamvu yochepa, imafika pa 100 ikupumira m'mwamba, ndipo chifuwa chako ndicho chimatchinga mphepo yonse. Amene ulendo wake wa kuntchito uli ndi Autobahn yaitali asanyengedwe ndi maonekedwe. Atenge ya 650cc kapena aganizire njinga ya mtundu wina. Koma pa Loweruka palibe wopambana mnzake: kummawa kuli msewu wa B500 wokwera mapiri a Black Forest kuchokera ku Baden-Baden, kumadzulo kuli Route des Crêtes ya m'mapiri a Vosges, ndipo konseku njinga yofatsa imakoma.

Mnzangayo anafunsanso kuti bwanji osangogula yakale yeniyeni, ya m'ma 1970 kapena 1980, m'malo mwa yatsopano yongofanana ndi yakale. Apa Germany ndiye ali ndi chifundo. Madera a m'mizinda amene amaletsa magalimoto otulutsa utsi wambiri sakhudza njinga zamoto. Ku France njinga nazo zimaikidwa m'magulu a Crit'Air, kachizindikiro komata kosonyeza kuchuluka kwa utsi umene imatulutsa, ndipo imene inalembetsedwa June 2000 asanafike sipatsidwa n'komwe kachizindikiro kameneka. Koma ngakhale pasakhale lamulo lililonse, ine sindingalangize munthu kupita kuntchito tsiku ndi tsiku pa njinga ya zaka 40. Yatsopano ya maonekedwe akale ili ndi mabuleki a ABS, oletsa mawilo kuumiratu ukagwira buleki mwamphamvu, amene akhala ofunikira pa njinga zonse zatsopano zopitirira 125cc mu European Union kuyambira 2017. Imalira msanga m'mawa wozizira, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Triumph Bonneville ya lero imangotenga dzina ndi nkhope ya ija ya 1959, m'kati mwake ndi makina a masiku ano, ndipo ndi chimene munthu wothamangira nthawi ya ntchito akufuna.

Pa kuyezetsa njinga ndimawapatsa ulemu Ajeremani. Kumeneko njinga imapita kukaunikidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo ukasintha paipi ya utsi kapena magalasi ndi zinthu zosavomerezeka, adzakubweza. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa ogula njinga zoterezi sachedwa kuyamba kuzisintha. Ku France okwera njinga anakana kuyezetsaku kwa zaka zambiri, mpaka kunayamba pa 15 April 2024, koyamba njinga ikamakwanitsa zaka zisanu, kenako zaka zitatu zilizonse. Wogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito amapeza mbiri yooneka bwino ku Germany. France nayo ili ndi pake pamene imaumirira: kuyambira November 2016 magolovesi ovomerezeka ndi lamulo kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe, pamene ku Germany lamulo limafuna chipewa chokha. Wowoloka malire avale monga akufunira a mbali yokhwimitsa.

Nyengo yozizira ndiyo imayesa chikondi cha njinga zimenezi. Mchere umene amawaza pamsewu kuti madzi asaundane umadya zitsulo zonyezimira ndi masipoko, ndipo ukachedwa kutsuka umapeza dzimbiri litayamba kale m'makona. Ajeremani ambiri anavomereza zimenezi. Amatenga nambala ya nyengo, yolembedwa miyezi monga 03 mpaka 10, ndipo msonkho ndi inshulansi amalipira za miyezi yokhayo, njinga n'kugona m'galaja kuyambira November. Nambala yotereyi imakuuza mmene anthu ambiri kumeneko amaionera njinga, ngati ya nyengo yabwino ndi mapeto a sabata, pamene m'mizinda ya ku France umaona anthu ali pa njinga ndi chikwama cha kuntchito chaka chonse.

Ndinamuuza mnzangayo kuti agule, chifukwa ulendo wake ndi waufupi, mbali yaikulu ili mu France, ndipo tsidya lija amangoyenda m'tauni. Ndinamupempha zinthu ziwiri. Alembe A2 asanapereke ndalama iliyonse kwa wogulitsa, ndipo asankhe ya mawilo opanda chubu ngakhale mtima wake uli pa masipoko, pakuti tayala la chubu likaboola pamlatho nthawi ya 7 koloko m'mawa sungalimate pomwepo. Sabata yatha anakalembetsa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa. Za December ndi January wanena kuti azikwera tramu ya D, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, imene yakhala ikuwoloka kupita ku Kehl kuyambira 2017.