Nyali zachikasu sizichira ndi babu lamphamvu

Ndikulankhula ndi anzanga oyendetsa galimoto kuno ku Kasungu, makamaka ife amene timayenda usiku pa msewu wa M1, kuchokera ku Chinkhoma kudutsa pa boma mpaka ku Chatoloma ndi ku Nkhamenya. Galimoto zambiri zimene tili nazo zinabwera kuchokera ku Japan zitayendapo kale zaka zingapo, ndipo mukaziyang'ana kutsogolo masana muona kuti nyali zake zachita mbuu, zina zasanduka zachikasu ngati madzi a m'dambo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mankhwala amene ambiri tasankha pa vutoli: munthu akaona kuti sakuona bwino usiku, amathamangira kukagula babu la LED lowala kwambiri, nyaliyo n'kuisiya momwemo.

Chophimba cha nyali za masiku ano si galasi ngati pa galimoto zakale, koma pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, imene kufakitale amaikuta ndi kachikopa kopyapyala koiteteza ku dzuwa. Dzuwa lathu la mu Okutobala, fumbi ndi mchenga wa m'misewu yopita kumaesiteti, ngakhalenso kupukuta ndi kansanza kouma pamalo otsukira galimoto, zimadya kachikopako pang'onopang'ono, ndipo kakatha pulasitiki imayamba kupsa ndi kukhakhala. Pamalo pokhakhala kuwala sikudutsa mowongoka. Kumamwazika, kwina kupita m'mwamba, kwina m'maso mwa amene akubwera kutsogolo kwanu. Bungwe la oyendetsa galimoto la ku America lotchedwa AAA linayesa nyali zotere mu 2018 ndipo linapeza kuti zimatulutsa 22 peresenti yokha ya kuwala kwa nyali zatsopano. Choncho mukaika babu lamphamvu kuseri kwa chophimba chotere, inuyo simupindula kwenikweni, koma mnzanuyo mumamuthobwa m'maso ngakhale mutaika dimu. Ndipo tonse tikudziwa chimene chimakhala m'mbali mwa msewu wathu dzuwa likalowa: akabaza obwerera kwawo, ngolo yopanda chonyezimira chilichonse, amayi ochokera kuchigayo. Anthu amenewa moyo wawo umadalira kuti dalaivala awaone akadali patali.

Kukonza kwake si kodula, koma kumafuna kuleza mtima. Mukatsuka nyali ndi sopo, matani tepi m'mbali mwake kuti penti ya galimoto isakandike. Kenako mupale ndi sandipepa wa m'madzi, kuyambira wokhakhala pang'ono monga wa nambala 800, kubwera 1000, 1500, 2000, mpaka 3000 ngati mwamupeza. Madzi asaleke kuthiridwa, ndipo mukasintha sandipepa musinthenso kolowera dzanja, wina chopingasa, wotsatira chotsika, kuti aliyense afafanize mizere ya mnzake. Poyamba madzi otsika amakhala achikasu, kenako amayera ngati mkaka, ndipo apa ndi pamene mumadziwa kuti zakufa zachoka. Nyali imaoneka yoipa kuposa kale pa nthawi imeneyi, musachite mantha; polishi ndi amene amabwezeretsa kuwala.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomaliza. Mukapala, mwachotsanso chitetezo chimene chinatsala, ndipo pulasitiki yatsala pamtunda. Mukaisiya choncho, pakangopita miyezi yochepa chikasu chimabwerera, mwina choposa poyamba, ndiye anthu amayamba kunena kuti kupala nyali n'kutaya ndalama. Ayi, ntchitoyo inali isanathe. Pamafunika kupopera clear coat, penti wopanda mtundu woteteza ku dzuwa, amene akatswiri opopera penti magalimoto amamudziwa bwino, n'kuisiya nyaliyo iume pamalo opanda fumbi. Amene akukukonzerani akapanda kutchula zimenezi, mufunseni musanamulipire.

Za mankhwala otsukira mano amene ena amapukutira nyali sinditsutsa kotheratu, chifukwa ali ndi timchenga tosalala timene timachotsa litsiro la pamwamba, koma thandizo lake ndi la masiku owerengeka. Zimene ndikukana ndi mtima wonse ndi kupukuta nyali ndi thina (wosungunulira penti), petulo kapena mafuta a mabuleki. Zimenezi zimanyezimiritsa nyali kwa kanthawi chifukwa zimasungunula pamwamba pa pulasitiki, ndipo pambuyo pake pamabwera timing'alu timene palibe sandipepa angatichotse.

Pali nyali zina zimene kupala sikungazithandize. Mukaona timadontho ta madzi m'kati mvula ikagwa, vuto lili pa labala kapena guluu womata m'mphepete, ndipo mbale yonyezimira ya m'kati ikathimbirira, nyaliyo yafika posintha. Mukamaliza zonse, imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma madzulo, muone ngati nyali zonse ziwiri zikuloza pansi mofanana, pakuti nyali yoyera koma yoloza m'mwamba imathobwabe anthu. Ndikupempha eni ake a maminibasi ndi ma Sienta onyamula anthu kuti achite zimenezi mvula isanayambe, osadikira tsiku lokatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu.