Inu omata tepi pa nyale yofiira, mukufuna kupha yani?

Loweruka lapitali ndinakwera ka Sienta ku Lilongwe, ulendo wa ku Dedza kukazonda mlongo wanga. Poona imvi anandipatsa mpando wakutsogolo. Mukudziwa kuti Sienta yakale ija mageji ake ali pakati pa dashibodi, moti wokwera amaona zonse zimene dalaivala akuona. Titangodutsa pa Nathenje maso anga anagwera pa kachidutswa ka tepi yakuda, ija timakulungira mawaya, katamatidwa pagalasi la mageji. M'mbali mwake munkatuluka kuwala kofiira ngati khala lokwiriridwa m'phulusa.

Ndinati, "Aphwanga, mwabisa chiyani apa?"

Mnyamatayo, osapitirira zaka 25, anaseka. "Aaa, madala, musadandaule. Kanyale ka oyilo ako. Kamayaka choncho. Usiku kamandithobwa m'maso."

"Kanayamba liti?"

"Lachitatu."

Ndinamuuza kuti aime. Anandiyankha kuti tikaima ku Dedza, nakweza wayilesi. Tisanafike pa Linthipe injini inayamba kulira kho! kho! kho! ngati munthu akukhoma chitsulo ndi hamala, kenaka zii. Ndinatsegulitsa boneti, n'kusolola ndekha kachitsulo koyezera oyilo. Kouma gwa. Ndinakapukuta pa kansalu, kansaluko osathimbirira n'komwe. Kumbuyo, mwa ena, kunali mayi ndi khanda la miyezi iwiri, agogo ena opita kumaliro, ndi ana awiri a sukulu. Tonse tinakhala padzuwa m'mbali mwa M1 maola atatu, ndalama zathu atagulira kale petulo. Ndiye ndimve mnyamatayo akuimbira mwini galimoto: "Bwana, yangozima yokha."

Yangozima yokha! Kuyambira Lachitatu ikukuwa, iwe n'kuitseka pakamwa ndi tepi, lero ukuti yangozima yokha?

Ine ndagwira chiwongolero zaka zoposa 30, malole ndi magalimoto ang'ono omwe, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima. Ziphasozi mukuzitenga bwanji ana inu? Mwana wa sitandade 1 amadziwa kuti pamaloboti chofiira n'kuima. Pa dashibodi n'chimodzimodzi, yofiira ima pomwepo, yachikasu kaonetse usanachedwe, yobiriwira ndi yabuluu zikungokudziwitsa chimene wayatsa. Chovuta n'chiyani pamenepa? Pamafunika digiri? Akuluakulu ankati tsoka silinunkha, ndipo ankanena zoona, koma tsoka la galimoto limayamba layatsa nyale kuti ulione likubwera. Inu n'kumaliveka tepi. Ena mumamatapo chithunzi cha mwana wanu, ena sitika ya vesi la m'Baibulo. Mulungu amene mukumuika pamenepoyo ndi amene anakupatsani maso.

Kanyale kooneka ngati ketulo yodontha kaja mumakatenga ngati chikumbutso choti mudzathire oyilo kumapeto kwa mwezi mukalandira. Kakayaka injini ikulira, ndiye kuti oyilo sakukankhidwa kufika m'zitsulo, ndipo chitsulo chikudya chitsulo chinzake nthawi yomweyo. Mphindi zochepa zokha injini ikhoza kunoka. Ka Sienta kaja kamamwa oyilo wosakwana malita 4. Malita 4! Pano mwini wake akufunafuna injini yonse m'masitolo a sipeya, ndipo mnyamata uja ntchito yamuthera. Anapulumutsa chiyani?

Ndiye pali akatswiri a nyale ya batire. Ikangoyaka, liwiro kukagula batire yatsopano, mawa lake yaphwanso, n'kumatukwana wogulitsa kuti ndi wakuba. Ndani anakuuzani kuti nyale imeneyo ikunena batire? Ikunena kuti altaneta, chida chija chotchaja batire injini ikamalira, yasiya kutchaja. Makaniko aliyense wokhala ndi kamita amakuonetsani pamphindi imodzi: batire yodzadza, injini itazima, imawerenga mavoti 12.6, ndipo injini ikamalira payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Zikapanda kutero mukuyendera moto wotsala m'batire, ndipo udzakutherani usiku, pakona, magetsi onse thi, lole ikubwera kumbuyo. Choipitsitsa, kawirikawiri chimene chaduka ndi lamba, ndipo m'magalimoto ambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi. Nyale ya batire yayaka, chiwongolero mwina chalemera, inu mukuti tikaonera kutsogolo. Kutsogolo kwake kuti? Injini ikuwira kale.

Za kutentha ndiye ndisayambe n'komwe, koma ndiyamba. Kamuvi kafika pa H, pofiira penipeni, munthu akupondabe moto pokwera mapiri a ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ena mumati yanga ilibe geji. Inde, Vitz, Passo ndi Sienta zambiri zilibe kamuvi, zili ndi kanyale ka chida choyezera kutentha choviikidwa m'madzi, kabuluu kapena kobiriwira m'mawa injini isanafunde, kofiira ikapsa. Kofiirako mumayesa duwa? Ikatero mumaima, n'kuthamangira kutsegula chivundikiro cha rediyeta ndi dzanja losavala kanthu, nkhope ili pomwepo. Madzi a mmenemo ndi opanikizika, amatha kupitirira madigiri 100 osawira, ndipo mukangopotokola amaphulika ngati kasupe. Ndinagwira ntchito ndi mnzanga wina amene mpaka lero khungu la pakhosi ndi pachifuwa pake ndi lamawangamawanga chifukwa cha changu chomwechi. Mukapulumuka apo, mumatunga madzi ozizira pamjigo n'kukhuthulira m'injini yotentha, hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, n'kupindika. Ndipo inu amakaniko apansi pa mtengo amene mankhwala anu a injini yotentha ndi kuchotsa thermostat, kachida kowongolera kutentha kwa injini, n'kuitaya kutchire, ati kuno ku Malawi n'kotentha kale siyofunika, munaphunzira kuti zimenezi? Amene anaiikamo anali opusa?

Koma izi zonse n'zowononga chuma. Imene imandisowetsa tulo ndi ija yofiira ya chizindikiro chofuulira m'kati mwa bwalo. Handibuleki mwatsitsa, iyo ikuyakabe. Mukudziwa bwino lomwe kuti mafuta a mabuleki atsika, kaya mapadi atha kaya paipi ikudontha penapake. Mukudziwa! Komabe mumadzadza anthu 18 m'minibasi, matumba a mbatata kumbuyo, n'kulunjika ku Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti, kapena ku Chiweta kumene ngakhale lole ya mabuleki abwino imatsika ikupemphera. Ngati kuti sizikukwana, mumaika giya pa fili, ena kuzimitsiratu injini kuti mupulumutse petulo. Injini ikazima mphamvu yothandizira mabuleki imatha mukangoponda kawiri katatu, chopondera chimauma ngati mwala, chiwongolero chimalimba. Petulo wa m'kapu ameneyo ndiye mtengo wa anthu 18? Tikamva kuti galimoto yagubuduzika, mawu ake ndi omwewo nthawi zonse, akuti mabuleki anaduka mwadzidzidzi. Mwadzidzidzi wake uti, nyale itayaka mwezi wathunthu?

Ya ABS, chida choletsa matayala kuuma mukaponda mabuleki mwamphamvu, nayo mumati n'zachizungu. Mabuleki amagwira ndithu ikayaka, koma tsiku la mvula yoyamba, tala ataterera, mwana n'kudumphira pamsewu, matayala adzauma n'kukhwekhwereza galimoto kumene simukufuna. Ya kamunthu kokhala ndi mpira pamimba ikuti airbag, chithumba cha mpweya chokutchinjirizani, mwina siphulika pangozi. Ya lamba mumaipusitsa pomanga lambayo kumbuyo kwa msana kuti kabelu kasiye kulira. Mwapusitsa kabelu, nanga galasi lakutsogolo mudzalipusitsanso mutu ukamapita?

Cheki injini, ija yachikasu yochenjeza za vuto m'injini, ndiye yasanduka nyale ya m'nyumba, yoyaka chaka chonse. Mukafunsa, yankho n'lakuti zonse zochokera ku Japan zimatero. Bodza. Inatsika sitima ku Dar es Salaam isakuyaka, inadutsa pa Songwe isakuyaka, yadzayakira m'manja mwanu. Pansi pa chiwongolero pali kasoketi ka mabowo 16 pamene amalumikiza makina n'kuwerenga chimene chavuta, ndipo magalaja okhala ndi makinawa ali mbwee ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mwina ndi pulagi imodzi, mwina ka sensa. Koma ayi, ndalama ya mowa wa Lachisanu ilipo, ya makina palibe. Ikayamba kuphethira ndiye kuti injini ikuphonya, petulo wosapsa akukapsera mu ekizozi. Inu mukuti ikuvina.

Pa mafuta ndikumverani chisoni pang'ono, chifukwa nane ndagonapo pamzere wa pa filing'i siteshoni. Koma ngakhale mafuta alipo, ena galimoto zanu sizinaonepo kamuvi katachoka pa E. Pampu ya petulo imakhala m'thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, ndiye mukamaiyendetsa pouma mukuiwotcha. Kenaka mumagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wosakaniza ndi palafini kapena madzi. Inu a dizilo, a Hilux ndi HiAce, muli ndi nyale yokuuzani kuti mu fyuluta mwadzadza madzi, ndipo pansi pa fyulutayo pali kotsegula kuti madziwo atuluke, ntchito ya mphindi zisanu. Simuchita. Muli ndi ina yolembedwa T-BELT imene imayaka galimoto ikayenda makilomita 100,000 kapena 150,000 malinga ndi injini yake, kukuuzani kuti lamba wa timing wakalamba. Mumapita kwa mnyamata kuti aizimitse, lamba osasintha. Tsiku lodzaduka lambayo mudzalira ngati pamaliro.

Tsopano mawaya. Apa pokha pamafunika mkwapulo. Fyuzi yapsa, munthu m'malo mofunsa kuti yapseranji, amatenga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kawaya, ena msomali weniweni, n'kulowetsa. Mafyuzi anawapaka mitundu kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asasokoneze: yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Pofunika yofiira inu mumaika yobiriwira, ati ndiyo yolimba. Fyuzi ntchito yake n'kufa kuti waya asafe. Mukaipatsa moyo wautali, chimene chipse ndi waya wa kuseri kwa dashibodi, kumene kuli pulasitiki ndi siponji zokhazokha. Magalimoto amene timawaona atapsa n'kutsala chigoba m'mbali mwa msewu mumayesa ndi ufiti?

Ndipo onani zimene mumapachika pa mawaya omwewo. Masipika odzadza buti yonse, ampulifaya yolumikizidwa ku batire popanda fyuzi, waya wake wodutsa pabowo la chitsulo chakuthwa. Magetsi a LED padenga owala ngati kuwotcherera, othobwa aliyense wobwera kutsogolo, mpaka wa kabaza kugwera m'ngalande. Kanyale kabuluu kakukuuzani kuti muli pa fulu, inu osadima, ati msewu ndi wanu. Mafoni asanu pa kasoketi kamodzi koyatsira ndudu. Wayilesi zambiri za m'magalimoto a ku Japan zimalekezera pa 90 FM, pamene masiteshoni athu ambiri ali kumtunda mpaka 108, ndiye mumaikitsa kachida kowonjezera, zimenezo sindikutsutsa. Koma taonani mmene amalumikizira: kusenda waya ndi mano, kupota ndi zala, kukulunga ndi jumbo ya shuga. Tepi imene ikanakulunga wayayo ndi imene mwakamata pa nyale ya oyilo.

Inu ogulitsa magalimoto amene mumachotsa mababu kuseri kwa mageji kuti wogula asaone vuto, dzina lanu ndi akuba, ndipo tsiku lina mudzakhala akupha. Nanunso ogula, mumazungulira galimoto kuona penti ndi marimu, kukweza wayilesi, kujambulitsa zoika pa Facebook. Kupotokola kiyi osaliza injini, kuti muone ngati nyale zonse zayaka, ya oyilo, ya batire, cheki injini, ABS, airbag, kenaka n'kuzima injini ikalira, zimenezo zimakutherani nthawi yanji? Imene sinayake pamenepo ndiye kuti wina anaithena.

Eni magalimoto musabisale kumbuyo kwa anyamatawa. Dalaivala akakuuzani kuti nyale yayaka mumati bweretsa kaye ndalama ya lero. Mumawaphunzitsa ndinu kumata tepi. Ndipo ife okwera, n'chifukwa chiyani timangokhala duu ngati matumba a chimanga? M'ka Sienta muja tinalimo anthu akuluakulu asanu ndi awiri, wolankhula ndinali ndekha, ndipo bambo wina kumbuyo anachita kunena kuti, "Achikulire, musiyeni dalaivala agwire ntchito yake, tichedwa." Pa Linthipe paja ndi yemweyo amene ankatukwana kwambiri.

Mlongo wanga ndinamupeza dzuwa litalowa, nditakwera lole ya kabichi. Mayi wa khanda uja sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji.

Iwe mnyamata wa Sienta, ngati uthengawu ukupeze, unali ndi mwayi kuti inali ya oyilo osati ya mabuleki. Nonse otsalanu, pitani panja pompano mukamatule matepiwo. Manyazi mulibe?