Pasaka mbali ziwiri za msewu wa pa Lizulu

Pa Lizulu malire a dziko ndi msewu wa M1 womwewo. Kabichi ugule ku Malawi, uoloke mapazi khumi, kachewere ukagulire ku Mozambique. Anthu ake ndi amodzi, maliro timakumbira limodzi. Koma ikafika Sabata Yoyera, makalendala athu sagwirizana.

Kuno Lachisanu Loyera ndi holide, Lolemba la Pasaka tipumanso. Pa Njira ya Mtanda msewu umadzaza, amayi atayala zitenje pa phula lotentha kuti agwade, maminibasi ali ndii kudikira, kondakitala atazimitsa wailesi. Msuweni wanga amaphunzitsa ku Ulongwe wa ku Mozambique, ndipo kwawoko Lachisanuli silili pa mndandanda wa maholide. Amatchera khutu kuti boma lilengeze chilolezo chimene amati tolerância de ponto, choti akhristu akapemphere, Lolemba ali kale pa bolodi ndi choko. Ngakhale 25 Disembala boma limalitcha Tsiku la Banja, dzina lomwe linadza ndi Frelimo atalandira ufulu mu 1975. Kumudzi palibe amatero. Amati Natal, mpunga ndi nkhuku zili pamoto.

Musaganize kuti n'chifukwa chake ndi ozizira pa zauzimu. Amishoni a Dutch anatsegula mishoni ya Mphatso m'boma la Angónia ku Mozambique mu 1909, Apwitikizi n'kuwatsekera mu 1922. Agogo ankatiuza za anthu olawira mbandakucha kuoloka malire, ana kumsana, kudzabatizitsa kuno ku mishoni ya Mlanda. Mpingo umenewo sunafe, lero ndi Igreja Reformada, ndipo nyimbo zake ukhoza kuyimba nawo osatsegula buku.

Zambia ndiye inapita kwina. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, mawuwo n'kulowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Loweruka Loyera nalo ndi holide. Pulezidenti Edgar Lungu anawonjezera 18 Okutobala mu 2015 kukhala tsiku la mapemphero a dziko lonse. Anzathu a ku Chipata amanyadira zimenezi, ndipo potiseka amati ife tikuchedwa.

Ine sindikhumbira. Pemphero loitanidwa ndi boma limandikayikitsa, pakuti wakuitana pamphasa ndi amene amakuuza pokhala. Chomwe ndimakumbukira ndi Lenti wa 1992, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi yodzudzula boma la Kamuzu ikuwerengedwa m'matchalitchi a Katolika, anthu akuyang'ana kukhomo ngati a Payoniya alowa. Chaka chotsatira tinavota pa riferendamu ya zipani zambiri. Akadakhala kuti anazolowera kupemphera pa nsanja ya Kamuzu, kaya kalata ija ikadalembedwa.

Komabe ukalowa m'tchalitchi cha Reformed ku Chipata, za malamulozo umaziiwala. Iwo anayambira pa Magwero mu 1899, a Nkhoma pa Mvera mu 1889, onse ochokera kwa a Dutch a ku South Africa, kotero akulu ampingo amakhala kutsogolo chimodzimodzi, amayi a Chigwirizano ali mbee. Chosiyana n'choti mlaliki akatenthedwa amaponyamo Chingerezi ndi Chibemba, iwe n'kutsala m'mbuyo pang'ono.

Chaka chino msuweni uja anafika Lachisanu masana, Njira ya Mtanda itafika kale pa malo achisanu ndi chiwiri. Lamulungu titangodya anakwera njinga yamoto kubwerera, ati mawa ana ali ndi mayeso.