Alamu, lero mwaikumbuka Hilux ija?

Ndakwiya, ndipo amene akufuna kundiuza kuti za pachibale sitilemba pa Facebook angodutsa, sindinatchule dzina la munthu.

Lero cha m'ma 5 koloko m'mawa foni ikulira, kuyang'ana ndi alamu anga. Kumudzi ku Ntchisi kuli zovuta, azakhali a madam anatisiya dzana, nde ine ndimati akufuna andiuze za pulogalamu ya mwambo. Ayi ndithu. Akuti "alamu tatitimira pa dambo paja tisanafike pasukulu, Sienta yakhala pamimba ndipo lole yonyamula bokosi nayonso ikungopalasa matope, kodi munthu munamugulitsa Hilux uja nambala yake muli nayo? Ija ikanakhalapo sibwenzi tikuvutika chonchi."

Ija ikanakhalapo eti. Ija ikanakhalapo!

Anthu inu, amene akulankhula zimenezi ndi omwe aja anakhala zaka akuitchula galimoto yanga kuti sikilapu. Omwe aja pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anandipempha kuti ndikaimike kuseri kwa nyumba chifukwa akuti ionongetsa zithunzi. Omwe aja ankapita kwa madam kumakawauza kuti amuna anu akukwirira ndalama m'chitsulo chakale, anzawo akuyendera zoziziritsa m'kati iwo ali pa utsi ngati chigayo. Lero mvula yagwa masiku atatu, makande awagwira miyendo, ayikumbuka. Mxii. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Maganizo anga ndi amodzi basi, galimoto imene mukuidziwa, imene munaimanga ndi manja anu, musamagulitse chifukwa cha pakamwa pa anthu. Pakamwa pa anthu sipakoka galimoto m'matope. Ine ndinamvera anthu ndipo mpaka lero ndimadzitukwana.

Inali Hilux ya 1994, double cab, yoyera koma kuyera kwake kunali kutapita kale kunatsala mtundu wa phala la mgaiwa. Ndinagula 2014 kwa mkulu wina wolima fodya ku Kasungu, galimoto yanga yoyamba, ndalama za zaka zitatu ndikudzimana mpaka nsapato. Injini yake ya mtundu wa 3L ija, ya malita 2.8 ya dizilo yopanda turbo, kutanthauza kuti pa chitunda cha tara minibasi zonse zimakudutsa ma kondakitala akukuseka pawindo, koma ikangotsika tara kulowa fumbi palibe amene amakuonanso kumbuyo kwake. Kutsogolo ekiselo yolimba yathunthu ija pa masipiring'i a mapale, osati za masiku ano zoti ukagunda dzenje limodzi wayamba kale kufunsa mtengo wa ma arm. M'mawa umatembenuza kiyi kaye pang'ono n'kudikira kanyali ka glow plug kazime, ukapupuluma imakukanira, kenako ikalira nyumba yonse imadziwa kuti kwacha. Ana anaipatsa dzina loti Agogo chifukwa choti amadzuka ndi chifuwa koma akadzuka ntchito amagwira kuposa anyamata.

Achinyamata a mabatani inu simungamve. Kuti Agogo akoke ndi matayala onse anayi umayenera kutsika, olo mvula ikugwa, kupita pa tayala la kutsogolo kupotokola ka hub kuchoka pa FREE kupita pa LOCK, kuzungulira mbali inayo kupanganso chimodzimodzi, kubwerera m'kati matope ali m'mawondo, nde kukoka kagiya kakafupi kaja, H4 ngati kukungoterera, L4 ngati zafika povuta. Ndipo ukabwerera pa tara umachotsa, ukaiwala galimoto imauma pokhota ngati ikukana ndipo ukuononga zitsulo pansipo. Zimenezi ndinaphunzira movutika, palibe anandiuza. Nde munthu amene sanagwirepo sipanala, amene olo madzi a mu radiator amakamuonera ndi mnyamata wa pa filing'i, akubwera kudzandiuza kuti ndi sikilapu, ine n'kumvera. Ine ndi amene ndinali chitsiru, ndikuvomera.

Zimene ndinaikamo mu galimoto imene ija sindifuna kuwerengera chifukwa BP ikwera. Kumbuyo ndinaonjezera mpale umodzi umodzi pa masipiring'i kuti matumba a chimanga asamaikhazike pansi, zotsatira zake ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati mbuzi mpaka madam anasiya kunyamula mazira. Mashoki ndinasintha onse anayi. Matayala ndinaika a mainchesi 31 a mano akuluakulu aja, pa tara amalira wuuu moti wailesi sumaimva koma m'matope amaluma. Bull bar, zitsulo zotchinga kutsogolo zija, inawotchereredwa ku Biwi ndi mdala wina wosalankhulalankhula, ndinakhala naye tsiku lathunthu pa dzuwa ndikumugwirira mapaipi, anapinda ndi moto ndi diso basi popanda chojambula, ndipo inatuluka yowongoka kuposa zina za m'sitolo. Snorkel yoyamba, paipi yokwera m'mwamba yoti injini izipumira osamwa madzi, musaseke, inali paipi ya pulasitiki ya madzi imene ndinaipenta yakuda n'kumanga ndi makilampu, inatumikira zaka ziwiri mpaka nthambi ya mtengo inaithyola ndipamene ndinagula yeniyeni. Timapaipi topumira ma difu ndinatitalikitsa ndekha kufika m'boneti, chifukwa tsiku lina nditawoloka mtsinje ndinapeza oyilo wa mu difu wasanduka ngati tiyi wamkaka. Timing belt ndinkasintha ikangokwana makilomita 100,000 osadikira kuti iduke, ndipo geji ya kutentha ndinkaiyang'ana kuposa mmene ndimayang'anira msewu chifukwa injini zimenezi zikawira hedi imapita.

Chitseko cha kumbuyo chakumanzere chimatseguka ndi kunja kokha. Hutala imalira ikafuna. Pansi pa mpando wanga panali kabowo koti umaona msewu ukuthamanga, ndinatseka ndi chidutswa cha lata ndi kapeti. Zonsezi ndimazidziwa ine, phokoso lililonse ndimadziwa kuti likuchokera pati ndipo likufuna sipanala nambala chani. Ndi chimene chikundiwawa. Munthu sugula zimenezo, olo utakhala ndi ndalama zodzaza thumba la feteleza, kudziwana ndi galimoto kumatenga zaka ndipo ine ndinakataya zaka 9 chifukwa anthu amandiseka pa ukwati.

Agogo anakwera Golodi. Amene munadutsapo kuchoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia mukudziwa zimene ndikunena, makona okhota ngati chigongono pafupifupi 20, miyala yokhayokha, mbali inayi phompho, nyanja ikuoneka pansi uko ngati beseni. Makona ena double cab siikhota kamodzi, umabwerera rivesi kaye kumbuyo kuli phompho lomwelo. Madam anatseka maso akuimba nyimbo za kwaya, ana kumbuyo akukuwa mosangalala, ine ndili pa L4 giya yachiwiri phazi osaponda kwambiri, iyo ikungokwera pang'onopang'ono gu gu gu ngati ikuwerenga miyala. Titafika pa Manchewe ndinatsika n'kuisisita boneti anthu akuona, sindinachite manyazi. Chaka china tinapita ku Nyika kudzera ku Rumphi, Bolero mpaka pa geti la Thazima kukwera ku Chelinda, kuzizira koti m'mawa inatenga katatu kuti ilire, koma inalira. Namondwe wa Freddy atawononga kum'mwera mu March 2023 a kumpingo kwathu atasonkha ufa ndi zovala, galimoto imene inakafikitsa katundu ku midzi ya ku Phalombe kumene msewu unali utasanduka mtsinje wa miyala inali yomweyi ya utsiyi, zonyezimira zija zinatsala pa tara eni ake akujambula zithunzi.

Ndipo alamu omwewa, chimanga chawo chochokera kumudzi chimabwera pa chani chaka ndi chaka? Njerwa za mpanda wawo zinabwera pa chani? Mayi awo atadwala usiku mu February mvula ikukhuthuka, anawatengera kuchipatala ndi ndani? Nthawi imeneyo sinali sikilapu. Imakhala sikilapu ikaima pakhomo pa ine mwini wake, ikanyamula zawo imakhala "yolimba ija". Anthu ndi otero, chinthu chako amachinyoza pamene akuchigwiritsa ntchito, ndipo iwe ukamvera n'kuchitaya ndi omwewo amayamba kufunsa kuti unatayiranji.

Inde mafuta amavuta, mizere ya pa filing'i tonse tinagonapo, masipeya anakwera, sindikukana. Koma si chimene chinandigulitsitsa. Chinandigulitsitsa ndi manyazi, kutopa ndi kunenedwa, tsiku ndi tsiku "mudzasintha liti", "anzanu anapita patsogolo", mpaka madam nawonso anayamba kuyankhula chilankhulo cha achimwene awo. October 2023 ndinapereka makiyi ndi blue book kwa munthu, ndinaima pa geti kumvetsera kulira kwake mpaka kunazimiririka, mwana wanga wamng'ono analowa m'nyumba osadya nsima tsiku limenelo. Ndalama ndinaika ku banki kuti ndionjezere pang'ono ndiitanitse ina yabwinoko kudzera ku Dar es Salaam. November kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndalama zija zinasungunuka ndili maso, zoti ndigule 4x4 ina zinathera pompo, ndinathera pa kagalimoto kakang'ono kamene kakaona bampu kamayamba kupepesa. Alamu anabwera kudzakaona n'kunena kuti "eya, tsopano mwaoneka ngati munthu". Munthu wake uti, woti Khirisimasi iliyonse akasiye galimoto pa boma n'kukwera kabaza kupita kwa apongozi?

Sienta ilibe mlandu, inapangidwira tara ndi ana a sukulu, mlandu uli ndi munthu amene amaganiza kuti galimoto ndi kunyezimira. Dziko lathu lino misewu yambiri yopita kumene kuli makolo athu ndi yafumbi, ikagwa mvula ndi phala, aliyense amadziwa, koma timagula galimoto ngati tonse tinabadwira ku Area 47 ndipo tidzaikidwa komweko. Kenako December akafika timayamba kusaka nambala za anthu amene tinkawaseka. Nde ndikubwerezanso kwa inu amene muli ndi Hilux yakale, Land Cruiser, Pajero, Hardbody, Land Rover yodontha oyilo olo ka Escudo, imene mukuidziwa kulira kwake, akakuuzani kuti ikuchititsani manyazi afunseni kuti manyaziwo amalemera makilo angati ndipo anakokapo galimoto zingati. Musagulitse. Ikakutopetsani iimikeni pa mthunzi, chotsani batire, ivundikireni lona, idikireni mtima utsike. Koma musapereke makiyi chifukwa mlamu wanena.

Nambala ija ndinawapatsa, ndisaname, maliro ndi maliro ndipo malemu sanandilakwire. Koma ndinadziwa kuti sizithandiza, chifukwa Agogo ndinawaona mwezi watha ku Mchesi ndipo ndinalakalaka ndikanadzera njira ina. Munthu uja anachotsa bull bar akuti imalemera, snorkel anazula pabowo anamata chigamba cha lata, matayala anaika osalala a kaunjika onse osiyana mayina, kumbuyo atapakira mchenga wonyowa mpaka masipiring'i awongoka ngati rula. Ndinawerama kusuzumira pansi, propshaft ya kutsogolo, chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, kulibe. Anachotsa! Akuti makaniko wake anamuuza kuti imadyetsa mafuta. Imadyetsa mafuta bwanji ma hub ali pa FREE, chinthu choti sichikuzungulira n'komwe? Ndinamufunsa kuti nanga ili kuti anati anagulitsa. Ndiye kuti panopa ndi 4x4 ya pa sitika pokha, ikapita pa dambo paja ikatitimira pambali pa Sienta ya alamu n'kumayang'anana.

Amakaniko enanu mutiuze, kodi munaphunzira kukonza kapena kuchotsa? Chilichonse chimene simukuchimvetsa mumati "ichi n'chosafunika bwana", thermostat kuchotsa, fiyuzi ikapsa kumanga waya, bawuti ikatsala kuponya m'thumba, propshaft kuchotsa mawa tikaipeza pa shelefu ya mnzanu ikugulitsidwa. Anthu a ku Japan anakhala pansi n'kuika chitsulo chimenecho, iwe ndi sipanala imodzi ya 12 ndi hamala ukuti n'chosafunika. Ndipo eni galimoto nawonso amangogwedeza mutu chifukwa sanatsegulepo boneti chigulireni.

Panopa ndikulemba zino ndili pa depoti kudikira minibasi ya ku Mponela, kagalimoto kanga ndakasiya pakhomo chifukwa kumene tikupitako sikangafike, madam akhala apa sakundiyang'ana. Alamu aimbanso kachitatu, akuti apeza ngolo ya ng'ombe yoti inyamule bokosi koma mwini wake akufuna ndalama kaye, nde akufunsa ngati ndingatumizeko kangachepe pa foni.