Mango ogula ndi ndalama zako, koma osawakhudza

Loweruka lapitali ku msika wa Haagse Markt, ku Den Haag m'dziko la Netherlands, mayi wina wa msinkhu wa amayi athu otibereka anakalipiridwa pagulu ndi mnyamata wogulitsa zipatso. Mlandu wake? Kukanikiza mango ndi chala. "Niet aankomen!" kutanthauza kuti osakhudza. Anthu onse kutembenuka. Mayiwo anabweza dzanja ngati awapezerera akuba, chonsecho ndalama zili m'manja.

Inu amene mumatsika tram 11 kapena 12 pamenepo mukuudziwa msikawu. Umatsegulidwa Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka, 9 koloko mpaka 5 koloko, ndiye wogwira ntchito mkati mwa sabata amatsala ndi Loweruka lokha, tsiku loti m'tinjira ta mumsikawu pa msewu wa Herman Costerstraat simupitika, chikwama uyenera kuchikolekera kutsogolo kuopa opisa m'thumba. Jumbo ndi yogula, zaulere zinatha mu 2016. Ukamva "pond" ndi magalamu 500, "ons" ndi magalamu 100. Mlendo amawerenga mtengo pachikwangwani n'kumayesa ndi wa kilo, kudzazindikira pa sikelo, mzere uli kumbuyo, manyazi amugwira, n'kungolipira.

Koma za kukhudzazi! Therere labwino umalidziwa pothyola kansonga: likathyoka msanga ndi lanthete, likapindika lakhwima, ngakhale uthire soda silifewa. Chinangwa cha kuno chimabwera chopakidwa phula kuti chisaume, kunja chimaoneka bwino, ukakachidula kunyumba mkati muli mizere yakuda. Ungadziwe bwanji osachigwira? Timabakuli ta yuro imodzi tija n'chimodzimodzi: pamwamba tomato wowala, pansi wophwanyika awiri atatu, ndipo wogulitsa amakhuthulira m'jumbo mwachangu usanaone. Zotsika mtengo za cha m'ma 4 koloko n'zoti uphike usiku womwewo, zikagona zawola.

Ndiwo zathu zilipo koma zinasintha mayina. Bonongwe ufunse kuti klaroen, monga amanenera anthu a ku Suriname. Masamba onga a koko ndi tajerblad, zitheba zazitali zija ndi kousenband. Tsabola wachikasu wa Madame Jeanette, mmodzi akwanira mphika wonse, musapitirire. Nkhwani ndi chisoso musavutike kufunsa. Ufa wachikasu wa polenta suphika nsima imene timaidziwa, woyera mukaufune ku toko (sitolo) ya zakudya za ku Africa, pa mtengo wowawa. Tilapia wouma ndi ayezi amalemera madzi, akasungunuka watsala wochepa, ndipo kakomedwe ka chambo mulibe.

Nafenso tili ndi vuto. Timaona mnzathu akunyozedwa, ife n'kuyang'ana kumbali poopa kuti Chidatchi chathu n'choperewera. Wogulitsa wa ku Turkey, wa ku Morocco, wa ku Suriname, ambiri ndi ana a anthu amene anafika kuno ndi sutikesi imodzi, ndipo ena ndi aulemu ndithu. Chowawa chake n'choti wokalipira uja ayenera kuti ali ndi agogo amene anakalipiridwapo chimodzimodzi. Lamulo la benchi lake tilimvera, zipatso zikakanikizidwa ndi manja ambiri zimaonongeka, izo n'zoona. Koma kunena kuti "Mayi, ndikusankhireni" kumafuna ndalama zingati?

Ku Lizulu mayi ngati ameneyu amaitanidwa kuti "Amayi, bwerani mudzaone." Amasankha mulu, amanenerera, amapatsidwa basera. Kuno amadzuka kusanache kukakolopa maofesi, kuti adzukulu kumudzi apite kusukulu, ndipo kamsika ka Loweruka ndi kokhako kamene amamvako fungo la kwawo. Amene mukupita kumudzi chaka chino, nyama ndi mkaka siziloledwa kulowa nazo kuno, koma nsomba zouma zimaloledwa mpaka makilo 20 pa munthu. Mubwere ndi usipa ndi utaka, tiwagawireko amayi athuwa.